Sikelo ya Mawu

Lachiwiri, chipinda chakumapeto, chipatala cha Ulongwe.
Mapepala awiri ofanana,
cholembera changa chakuda, cha dotolo Sitoe chobiriwira.
Pakati pathu a Jelivaziyo Nzunga,
chipewa pabondo, dothi la kachewere likadali m'zikhadabo.

Funso labwera m'Chipwitikizi, ine ndaliwolotsa:
Chakubweretsani kuno n'chiyani?

Iwo ayambira pa mlatho wa Zambezi
pomwe lole ya malasha a ku Moatize inawamwetsa fumbi,
adzera pa mtengo wa feteleza,
pa mbuzi ya alamu awo yomwe inafera pachingwe,
kenako, motsitsa mawu:
tulo, bambo. Tulo tinasamuka.

Pa mzere wa kusokera pa nkhani
dotolo wazinga zinayi.
Ine ndazinga imodzi.
Kwathu suthamangira kuchipinda kwa eni,
umayamba ndi odi, nuyamikira nkhuku za pabwalo,
chokhosi chimatuluka mpando utafunda.

Koma usiku, ndikutsuka kapu, ndakumbukira:
pakati pa feteleza ndi mbuzi
anati chingwe, chingwa, Chingwizi, chingwenya,
maso ali pakhoma.
Sindinawolotse. Kutsidya kunalibe pokocheza.
Ndinasita mawu awo ngati malaya a ku Misa
ndisanawapereke.
Nanga dotolo anayeza ndani, iwo kapena ine?
Nanga imodzi yanga ija, sichinali chibale?

Pamsika wa Domwe masikelo awiri amakangana
pa thumba limodzi la nyemba,
koma nyemba sizisintha kulemera poona nkhope ya wogula.

Lachisanu tabwereza.
Mwagona bwanji? Bwino.
Mankhwala? Ndikumwa.
Kunyumba? Kuli bwino.
Dotolo ziro, ine ziro.
Wasanjika mapepala athu, wawayang'ana padzuwa la pazenera
namwetulira: lero tagwirizana.

Pakhonde ndapeza a Felizimina, akazi awo,
akumasula mfundo ya nsalu kuwerenga ya basi.
Anena osandiyang'ana:
Usiku wonse amacheza ndi chingwe chija,
kuchifunsa komwe chinasiya mbuzi.
Kungoti aphunzira.
Akuti kuno yankho lalifupi silichedwetsa ulendo.

Ndabwerera m'chipinda.
Maziro awiri ali patebulo, ozungulira bwino,
oyang'anana ngati maso a munthu
amene sanagone chiyambire mvula yoyamba.
Ndatembenuza pepala. Kumbuyo kwake n'koyera,
kulibe mzere, kulibe nambala.
Ndalemba tsiku, ndaima.