Lilime Lokhala pa Lendi

Ine nkhuli ndinabadwa nayo, tisanamizire njala.
Amayi ankati ndisanadziwe kutchula dzina langa
ndinali nditadziwa kale ngolo ya a Cevdet,
yofiira ija, pakona ya ku Üsküdar,
yogulitsa buledi wa mphete wovala chitowe thupi lonse.
Ndikaluma, khumu!
Chitowe mbwee pa yunifolomu.
Theka ndinkaponyera mbalame zotsatira boti,
zowakha m'malere osathokoza.

Istanbul ndinamudya choimirira:
nsomba yootcha m'buledi pansi pa mlatho,
anyezi wamuwisi, ndimu wofinya ndi zala za inki,
tiyi m'katambula ka chiuno chowonda
kootcha zala mlomo usanafike.

Kenako ntchito inandinyamula ngati mtolo
n'kukanditula ku Berlin, mu Novembala.
Phwetekere wa kumeneko, abale!
Wofiira psuu, wosalala, wopanda banga,
koma mkati madzi okhaokha, zii,
ngati moni wa munthu wothamangira sitima.
Ndinalira pa sinki chifukwa cha phwetekere,
munthu wamkulu, ndi ndevu zangazi.

A Lindner a chipinda chapansi,
dalaivala wa basi wopuma pa ntchito,
anandigogodera atanyamula buledi wakuda,
wowawasa, wolemera ngati njerwa.
Ndinathokoza ndi manja awiri
n'kukamubisa kuseri kwa mapoto.
Ndinamudula tsiku lachisanu, poti m'thumba munauma.
Chaka chachitatu ndinali ine wofola mzere m'mamawa,
mphuno itachita dzanzi,
wokangana ndi wophika kuti khungu lake silinapse.

Pano ndili ku Toronto, nsanjika ya khumi ndi chinayi.
Msewu umodzi wokha uli ndi mapoto a dziko lonse.
Ndalawa mbuzi ya tsabola kwa mayi wa ku Jamaica,
kabichi wosasa wa a Hwang wandituluza misozi yabwino,
ndili ndi kabuku kamafuta m'mapeji
komwe ndimalemba malo ndi mitengo
ngati wina adzandifunsa.
Buledi wa mphete nayenso alipo,
amabwera pa ndege ataumitsidwa gwa.
Ndamugula. Ndamutenthetsa.
Chitowe chilipo, bowo la pakati lilipo,
koma palibe mphepo ya mchere,
palibe mbalame yondilanda theka.
Ndimamutsiriza ndekha ndipo amandiima pakhosi.

Chaka chatha ndinapita kukaika azakhali a Nermin.
Amayi a m'nyumba anakazinga ufa mu batala,
monga timachitira pa maliro,
fungo n'kutsika masitepe kukauza anthu a mumsewu.
M'mawa mwake ndinafuna ngolo ija.
Ilipo, koma akugulitsa ndi mdzukulu,
ndipo atayang'ana jekete langa
anandiuza mtengo m'Chingelezi.

Ndinaluma. Khumu! Yemweyo, osasintha.
Ndiye manyazi anga ali apa:
ndili pa boti, pakati pa madzi a kwathu,
mbalame zikundilirira pamutu,
m'kamwa munayamba kufunsa njerwa ya a Lindner.
Sindinauze munthu.

Amati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka.
Nanga amene lilime lake lakhala pa lendi m'mizinda itatu,
lasiya ngongole konsekonse,
akapukwa aziloza kuti?

A Lindner anamwalira, ndinamva mochedwa.
Sindinawauze kuti buledi woyamba uja
anagona masiku asanu kuseri kwa mapoto.
Mwina ankadziwa. Sanabweretsenso wina,
anangondilozera khomo la wophika.

Usiku uno chipale chikugwa chopanda phokoso.
Ndadula buledi wakuda, ndapaka batala,
ndawazapo chitowe chokazinga,
mlandu umene Istanbul sangandikhululukire,
Berlin ndiye osanena.
Ndikudya choimirira pa windo.
Theka ndaika panja pa khonde,
kaya kubwera mbalame yanji.