Msoko Umodzi

Ndinafika ku Kalingalinga ndi kabuku m'thumba,
masamba ake odzaza:
mageti, mawilibala, khola la zinziri kuseri kwa azakhali,
kukonza mafoni madzulo,
ndi dzina la kampani lomwe ndinali nditalijambula kasanu.

A Nkhuwa sanakatsegule n'komwe.
Anandipatsa tizitsulo tiwiri
totalika ngati chala,
nati, "Lumikiza."

Ndinawotcherera.
Anamenya kamodzi ndi hamala,
tinalekana ngati anthu osadziwana potsika basi.

Mawa lake, tiwiri tina.
Mkuja, tiwiri tina.
Fumbi la Ogasiti linabwera, linapita,
ine ndikadali pa msoko womwewo,
maso akuyabwa usiku ngati wathiramo mchenga.
Magetsi akathima anzanga ankakhalira nsolo pansi pa mpanda,
ine ankandigwiritsa ndodo yozizira:
yendetsa dzanja, mphwanga,
usathamange, usaime,
moto ukabwera upeze dzanja likudziwa njira.

Ndinatopa nazo.
Mwakabisira ndinalandira ndalama za bedi
kwa mayi wina wa ku Mtendere,
ndinalipanga Lamlungu, ndinalipaka utoto wobiriwira,
lokongola ndithu.
Linagona anthu masiku anayi.
Lachisanu mayiyo anabwera ndi mwendo wa bedi m'manja,
anauika pa tebulo pamaso pa onse,
osakweza mawu.
Bola akanandilalatira.

A Nkhuwa anautembenuza mwendowo,
anakanda utoto ndi chikhadabo,
nandionetsa timabowo ta mkati mwa msoko,
tating'ono ngati mobowola anankafumbwe.
"Utoto sugwira chitsulo," anatero,
n'kubwerera ku geti lawo.

Ndinabweza ndalamazo pang'onopang'ono,
mwezi wathunthu ndikuyenda wapansi
minibasi zikundiimbira hutala.

Tsiku lake silinali ndi chizindikiro.
Mvula inali itangokunkha kumene,
fungo la dothi likulimbana ndi la utsi.
Ndinamva ndi khutu ndisanaone ndi maso:
moto ukulira mofanana, osatsokomola,
ngati mafuta m'chiwaya.
Hamala inagwa. Inagwanso. Kachitatu
chitsulo chinapindika pambali,
msoko uli chilili.

Sananene kuti wakhoza.
Anangoloza ndi mlomo
mahinjesi a geti la munthu wolipira.

Kabuku kaja kakadalipo.
Kanapindidwa pawiri,
kakuchirikiza mwendo waufupi wa tebulo langa
kuti lisagwedere ndikamawotcherera.
Zinziri zidikire.