Tebulo la pa 6 Julaye

Chiperoni chagwa usiku,
phiri la Ndirande lafunda mutu.
Ndawerenga za m'kachikwama kawiri konse,
sizikwana mbendera ya m'sitolo.

Koma dzulo ndinaima pakhonde la a Matewere,
telala wa pafupi ndi mpopi wouma uja.
Ndinati, zidutswa mumasesazi mundisungireko.
Anandisuzumira pamwamba pa magalasi
nakoka jumbo pansi pa makina:
chakuda chotsala pa thalauza la pamaliro,
chofiira cha diresi lomwe mwini wake sanabwere kudzaliwombola,
chobiriwira cha yunifolomu ya ana a sukulu.
Tengani, anatero, dziko lonse lili m'jumbomo.

Ndazidula ngati mano a sowo,
ndazisokerera pa chingwe choyanikira zovala,
kuchokera pa msomali wa kalendala
mpaka pa zenera losowa galasi limodzi.
Mphepo ikalowa, zikuvina zokha.

Tebulo lathu ndi lotsimphina.
Ndapinda bilu ya madzi kanayi,
ndaitsamiritsa kumwendo waufupiwo,
lero yagwirako ntchito.

M'sutikesi muli zitenje zitatu za zipani,
nkhope zitatu, zonse zikumwetulira.
Ndazisiya zigone.
Ndayala nsalu yoyera ya pabedi,
ndaisita ndi makala obwereka kwa aneba,
pomwe inapsa ndaikapo mchere.

Botolo la mafuta ophikira ndalidula pakhosi,
ndaimikamo maluwa ofiira a pampanda wa alandilodi.
Sindinabe, anali atatulukira kumsewu okha.

Matimati m'mbale ina, mpiru m'mbale ina,
mpunga pakati, wa lero lokha.
Chakuda chasowa.
Ndaziona wathamangira kumbaula,
wabwera ndi makala atatu otsuka pa sosala,
manja bii, mano onse pamtunda.

Tsono dzuwa.
Ndasenda nachesi ziwiri za ku Mwanza,
ndandandalika timagawo take kuzungulira theka la mbale.
Amayi, la pambendera ndi lofiira, iye watero.
Limenelo linali likutuluka kumene, mwanangu,
lathuli lakwerako pang'ono.
Wandiyang'ana ngati ndamubera chenji.

Mbale zisanu, palibe yofanana ndi inzake.
Ya malata, yosupuka m'mphepete,
ndaiika pa malo a Zaithwa, mlongo wanga,
amene akutsuka magalimoto ku Joni
chaka chachinayi tsopano.
Foni ndaitsamiritsa ku chitini cha shuga.

Wayimba ikukwana wani koloko.
Nkhope yake ikuduka, ikubwera, ikuduka,
wavala chisoti cha ubweya, kumenekonso kukuzizira.
Kuno ndi tsiku wamba, akutero, ndaba mphindi zisanu.
Tembenuza foniyo ndione.
Ndayendetsa pang'onopang'ono:
chingwe, botolo, makala pa sosala.
Waseka makalawo mpaka kutsokomola.
Pofika pa dzuwa wangoti zii.
Ndimayesa netiweki.

Nachesi zimenezo ndi za ku Mwanza?
Ndinagula zomaliza pazenera la basi,
makoko ake ndinafika nawo m'thumba la jekete,
ankanunkhirabe mwezi wonse.
Mundisungireko ka...

Bandulo yatha.

Kunja minibasi zikuitanira ku sitediyamu,
wailesi ya aneba ikulira malipenga a asilikali,
wina akulankhula za komwe tachokera ndi komwe tikupita.
Bambo ake a Ndaziona apemphera mwachidule,
mpunga usazizire.

Ndaziona akudya dzuwa,
kagawo kamodzi, kenanso, madzi akuyenderera kuchigongono.
Katsala kamodzi.
Wakanyamula ndi zala zamakala zija,
wakaika m'mbale ya malata,
navundikira ndi sosala
kuopa ntchentche.