Thalauza la Bambo

Miyezi isanu tinali ndi mawu amodzi okha:
muchira, bambo, muchira.
Tinkawanena mu kombi yochokera ku Mabvuku,
tinkawanena pamzere ku Parirenyatwa
mapepala a dokotala ali m'jumbo,
Yotamu naye ankawanena pafoni ali ku Joni,
atatumiza marandi ndi vesi.

Bambo ankangogwedeza mutu.
Zaka makumi anayi akusoka ku Mbare
anazolowera makasitomala
onama za kukula kwa mimba zawo.

Khansa inali italowa kale m'mafupa.
Dokotala anandiuzira pakhonde, mothamanga,
ine ndinaipinda kanayi nkhaniyo
n'kuibisa pansi pa chikwama.
Azakhali anati wodwala sauzidwa, angataye mtima.

Usiku khoma lathu ndi lopyapyala.
Iwo ankaluma pilo kuti tisadzuke,
ife tinkanamizira kugona kuti asachite manyazi.
Nyumba yonse maso, aliyense payekha.

Sisita Gwatidzo anabwera Lachinayi,
maluwa a jakaranda atamatirira kunsapato.
Sanaime chilili.
Anakoka kampando, nakhala motsika kuposa bedi,
nafunsa m'Chishona chake chofatsa:
Sekuru, inuyo matendawa mukuwaona bwanji?
Chimene chikukuopsani kwambiri n'chiyani?

Ndinafuna kulowererapo. Anandigwira bondo.

Bambo anati, Lekeleni, tandipatsa thalauza lotuwalo.
Analitembenuza kunsi, natiloza misoko itatu m'chiuno.
Ili ndalibweza katatu, mwanangu.
Tepi sinama.
Ndimangodikira kuti wina ayambe.

Ndiye zinatuluka, ngati ulusi ukaupeza nsonga.
Ankafuna usiku umodzi wopanda ululu.
Ankafuna asanyamulidwenso m'bandakucha
kukakhala pabenchi tsiku lonse
chifukwa cha chiyembekezo chathu, osati chawo.
Mashini apite kwa mnyamata wa a Saidi,
ali ndi dzanja labwino, koma aziwathira mafuta.
Diresi la Mai Rumbi latsala mpendero, ndalama analipira.
Ndipo musagulitse chilichonse
kuti mafupa anga akafike ku Ntcheu,
ndinachokako ndili ndi tsitsi lakuda.
Amayi anu ali pompano. Mundiike pafupi.

Sisita analemba zonse, ngakhale za diresilo.
Anatiphunzitsa mofini wamadzi, mlingo wake ndi maola ake,
katembenuzidwe ka munthu osamupweteka msana,
nambala yoimba ngati usiku wavuta.
Azakhali anati, ndiye mwawataya?
Sisita anati ayi,
pali mankhwala othamangitsa matenda,
palinso osamala munthu,
ndipo achiwiriwa sadikira kuti oyambawo atope.

Usiku umenewo bambo analiza mkonono.
Ndinakhala pakhomo kumvetsera
ngati ndi nyimbo ya kwaya.

Tinapatsidwa masabata asanu ndi awiri.
Yotamu anabwera pabasi, osati kumaliro,
anapeza munthu woti amudzudzule
kuti thalauza lake likukolopa msewu.
Bambo anadya mango, madzi akuyenderera m'zigongono.
Diresi lija anamaliza atatsamira mapilo atatu,
tsiku lililonse chikhatho chimodzi cha mpendero.
Panali masiku oipa, sindinama,
koma ngakhale amenewo sitinabisalirane.

Chimandiwawa ndi miyezi isanu ija.
Ndinkati ndikuwateteza,
chonsecho ndinawatsekera okha m'chipinda
ndi chinthu chimene tonse tinkachidziwa.

Dzulo ndinadutsa pa Parirenyatwa.
Pamzere panali mtsikana ndi jumbo ya mapepala,
akukonza kolala ya munthu wowonda,
milomo yake ikunena mawu aja, ndinawazindikira patali.
Ndinalakalaka kumukoka mkono:
mchemwali, afunseni lero,
mawu akadali nawo,
akadatha kukwiya, kuseka, kusankha.
Simuitana imfa poifunsa njira.
Kokani mpando. Khalani pansi.
Mwina nawonso ali ndi msoko
womwe akudikira kukuonetsani.