Mtima Watsopano ku Turffontein

Kuseri kwa nyumba ya lendi,
chigalimoto cha m'tchire chakhala pa njerwa
miyezi isanu, kukamwa yasa.
Injini yakale tinaizula Loweruka,
ine ndi Gelesomu, unyolo wobwereka
titaukoleka pa nthambi ya jakaranda.

Yatsopanoyi ndi yamakani:
mawaya ngati mizu ya kachere,
kakompyuta kake sikamva Chichewa.
Mabawuti anayi anakana mabowo.
Tinaboola ena. Magetsi anathima,
tochi ndinailuma ndi mano.

Mwini nyumba akuti oyilo wapha kapinga.
Fizi ya Tiyamike ili m'giyabokosi,
amake sakudziwa.

Lero m'mamawa, chisanu cha Joni chikuluma zala,
ndinapotokola kiyi.
Chinatsokomola kawiri
n'kubangula.
Agalu onse a mumsewu anayankha.

Gelesomu anapukuta manja, anangoti:
"Nanga mabuleki?"