Alendo a M'kabati

Mpunga wa Kilombero uja
anabwera nawo pa basi mlamu wanga Fatsileni,
ndinaubisa m'kabati kuno ku Mufakose
kuti udikire Khirisimasi.

Lero ndamasula thumba:
balala! njenjete kumaso kwanga,
pansi timphutsi tikuluka ulusi
ngati wina watilemba ganyu.

Inu, munadutsa bwanji pa Nyamapanda
opanda chiphaso?
Ine ndinaima padzuwa maola asanu.

Ndauyanika pa lata, ndapeta,
kabati ndapukuta ndi viniga,
wotsalawo ndatsekera m'mabotolo a jamu.
Furiji ikanathandiza, koma magetsi akuno
amabwera anthu atagona.

Madzulo ano ndiphika basi.
Ana afunsa kuti kuli phwando lanji.
Kulibe. Tangodyani,
anzanu anayamba kale.