Kambiya ka m'Goli

Lachitatu Zefania anasiya kukoka chingwe,
mtengo unaleka kuzungulira,
m'dzanja langa munatsala kambiya
kochepa ngati dzira la tsekwe,
kukamwa kwake kongolowa chala chimodzi.

Lero ndi Loweruka. Kakadali pa benchi, kosavala kanthu.

Ndi mlombwa uwu, chidutswa cha goli la bambo
lomwe linathyoka pa chitunda cha ku Domwe
ngolo itadzaza kachewere.
Linagona kudenga zaka khumi, likumwa utsi.
Mbali imodzi ndi yofiira ngati katondo,
inayo ili ndi banga lakuda
pomwe khosi la Sikochi linkakhula ndi thukuta.
Ndinapala, ndinapalanso, banga silinachoke.
Linalowa kalekale.

Belarmino wa pamsika wa Ulongwe akuti ndipake vanishi.
"Madalaivala opita ku Zobue amagula chonyezimira.
Akangodziona nkhope, metikali amatuluka okha m'thumba."
Ndinatsegula chitini, ndinanunkhiza, ndinatsekanso.
Vanishi amautsekera mtengo kuseri kwa galasi
ngati chithunzi cha pakhoma:
umauona, koma kuukhudza ayi.

Polishi wa nsapato ndili naye, wakuda uja
amene timanamizira alendo kuti mkuyu ndi phingo.
Ameneyo ayi. Goli silinanamizepo munthu.

Mafuta a nsatsi ndinawayesa pa chidutswa chotsala.
Chinada bii, kufiira konse kunamira.
Ilda anabwera ndi phula la njuchi m'kachigamba,
lotsala pamene mlamu anafula ming'oma yake,
anangoliika pa benchi osanena kanthu
n'kupita kukaanula zovala.

Ndiye pali mng'alu,
wowonda ngati tsitsi, kuchokera pamlomo kutsikira paphewa.
Utuchi ndi guluu zingautseke, wina aliyense osadziwa.
Koma ine ndizidziwa.

M'katimo simunasalale.
Chitsulo chopindika chinasiya mizere komwe diso silifika;
ndinkasema ndi khutu,
kumvera momwe khoma limalirira likamapyapyala,
mtima uli m'mwamba kuti ndiboola,
Zefania akukoka, akubweza, thukuta lili kamukamu,
akufunsa ngati sitinafikebe.

Masana ano Anastácia wachokera ku katekisimu
manja ali noninoni ndi mtedza wokazinga.
Wakatola ndisanamuletse,
wagunditsa mlomo pakamwa pake, wauzira.
Kalira, huuu, mawu apansipansi
ngati ng'ombe ili kutali kudambo.
Wakabweza, waseka, wathawa.
Pamimba pa kambiya patsala zidindo za zala zitatu,
ndipo pomwepo mlombwa wadzuka:
mitsempha yake yaoneka yonse,
ina yofiira, ina ngati uchi,
ikuzungulira banga lija osalikhudza.

Ndakhala nthawi yaitali ndikungoyang'ana,
mpaka mthunzi wa shedi wafika pamsewu
ndipo anyamata a njinga zamoto ayamba kuyatsa magetsi.

Zefania, siya foniyo, bwera udzagwire chingwe.
Tikabwezera pamakina kamodzi kokha.
Ukoke pang'onopang'ono, ine ndigunditsa phula,
kenako kansalu, ndipo pamenepo ukoke mwamphamvu
kuti kutentha kulisungunule lilowe mumtengo.
Kunja kokha, ndipo kamodzi basi.
Mng'alu tiusiya uzioneka.
M'kati tisiyamo momwemo,
muzinunkhabe utsi ndi khola.
Kwinako adzamaliza ndi manja a anthu okagwira,
a mtedza, a sopo, a kumunda,
chaka chino ndi cha mawa,
ine sindingathamangire ntchito imeneyo.

Ukatha usese utuchi, koma wofiirawo usataye.
Ndipo Belarmino akabwera kudzafunsa mtengo wake,
umuuze kuti ndi mlombwa.